WAILESI YASANDUKA BWALO LA ZIPANI: KODI MAU A MLIMI ADZAMVEKA KUTI?

Wolemba Mtolankhani Wathu, Lusaka

Munthu woyenda m'mamawa m'misewu ya Libala, kuno ku Lusaka, safunika kukhala ndi wailesi yakeyake kuti amve zimene zili kukambidwa m'dziko. Mau aturuka okha pa mazenera a nyumba, pa timasitolo ta m'mbali mwa msewu timene kuno acha tuntemba, pa malo ometera tsitsi, ndiponso m'maminibasi amene atsika ndi msewu wa Burma kapena wa Chilimbulu kupita m'tauni. Nyumba iyi yatsegula siteshoni ina, nyumba inayo yatsegula inanso, koma mukachera khutu bwino mudzapeza kuti nkhani yake ndi imodzi. Mkulu wa cipani cakuti ali kuyankha zimene ananena dzulo mkulu wa cipani cina, ndipo oimba lamya ali kumuombera m'manja kapena kumunyoza.

Libala ndi malo a anthu amene aona zambiri. Nyumba zake zambiri zinamangidwa ndi khonsolo ya mzinda, ndipo mu 1996, pamene Boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, anchito ambiri anazigula ndi kukalambiramo. Akuluakulu amenewa, amene ena a iwo kwao ndi ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi, anakula ndi wailesi. Anaimvera pamene inali imodzi yokha m'dziko lonse, anakondwera pamene masiteshoni anacuruka, ndipo lero ndiwo ayamba kupukusa mitu. Iwo sakana kuti za ndale zikambidwe, pakuti ndale ndizo zisankha amene adzagawa fataleza ndi kumanga milatho. Cimene ciwawawa mtima ndi cakuti mapologalamu amene anayambidwa kuti munthu wamba afunse olamulira asanduka malo amene zipani zimenyerana nkhondo.

Nkhani imeneyi siithera ku Lusaka. Cophikidwa m'mzinda waukulu cifika kumudzi cikali cotentha. Mau onenedwa m'mawa pa siteshoni ya ku Lusaka, pofika masana amakhala atafika kale pa mafoni a anyamata ku Sinda ndi ku Vubwi kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo atsogoleri omwewo akayendera cigawo ca kum'mawa salephera kukalowa m'nyumba ya wailesi ya m'bomalo. Motero inu alimi amene musunga mabatire kuti mumve za mvula, za mtengo wa cimanga ndi za matenda a ng'ombe muyenera kudziwa cimene cili kucitikira bokosi limene mulikhulupirira.

PHUNZIRO LA MASIKU A CITAGANYA

Kuulutsa mau kunayamba m'dziko lino mu 1941, pamene Boma la atsamunda linatsegula kasiteshoni kakang'ono ku Lusaka kuti anthu azimva za Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse, kumene ana ambiri a dziko lino anali atapita. Mu 1949 kunabwera wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, yooneka ngati poto wophikira, imene kampani ya Ever Ready inali kugulitsa pa mtengo wa mapaundi 5. Ndiyo inalowetsa wailesi m'nyumba za anthu akuda. Siteshoni ya ku Lusaka, imene panthawiyo inkachedwa Central African Broadcasting Station, inaulutsa m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cilozi ndi m'zilankhulo zina, ndipo anthu anaikonda kwambiri cifukwa ca oimba ndi aulutsi monga a Alick Nkhata, amene dzina lao linapatsidwa ku msewu umene pali nyumba ya ZNBC.

Cikondi cimeneci cinagwedezeka pamene atsamunda anafuna kukhazikitsa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953. Anthu akuda anacikana, koma wailesi inali ya Boma limene linali kucifuna. Posacedwa anthu anayamba kuyesa aulutsi ao omwe akapirikoni, ndiko kuti ogulitsa mtundu, ndipo mphekesera zinafala zakuti ena a iwo agwirizana ndi banyama, anthu amene ankamveka kuti agwira anzao ndi kuwapopa magazi. A Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa siteshoniyo, anafotokoza zimenezi m'buku lao la 1959 lochedwa Wayaleshi. Aulutsi anali omwewo ndipo nyimbo zinali zomwezo, koma anthu ataona kuti wailesi yaima mbali imodzi analeka kukhulupirira ngakhale zoona zimene inali kunena.

Ufulu utabwera mu 1964, wailesi inakhala ya mtundu wa Zambia, ndipo inacita zabwino zambiri. Akuluakulu a kum'mawa sadzaiwala a Julius Chongo ndi nthano zao za Poceza M'madzulo, zimene zinkasonkhanitsa mudzi wonse pa khonde la munthu mmodzi wokhala ndi wailesi. Sadzaiwalanso magulu a alimi amene ankakhala pansi pa mtengo kumvera maphunziro a ulimi ndi kukambirana pambuyo pake. Koma pa za ndale, kucokera mu Disembala 1972 pamene dziko linakhala la cipani cimodzi ca UNIP kufikira mu 1990, wailesi inali ndi liu limodzi lokha. Munthu wa kumudzi anali womvera cabe, ndipo akafuna kunena kanthu njira yake inali kulemba kalata ndi kuyembekeza.

PAMENE ZITSEKO ZINATSEGUKA

Masankho a zipani zambiri a 1991 anasintha zinthu. Mu 1994 Radio Christian Voice inakhala siteshoni yoyamba yosakhala ya Boma, ndipo mu 1996 a Errol Hickey anatsegula Radio Phoenix ku Lusaka. Siteshoni imeneyi inachuka ndi pologalamu ya Let the People Talk, dzina lotanthauza kuti alekeni anthu alankhule. Cinali cinthu cacilendo. Munthu wa ku Libala, ku Kabwata kapena ku Chelstone anatha kuimba lamya ndi kufunsa nduna cifukwa cake madzi saturuka pa mpope, cifukwa cake zinyalala sizicotsedwa pamsika, dziko lonse la Lusaka lilikumva, ndipo nduna inafunika kuyankha pomwepo.

Mwambo umenewu unafika ndi kumidzi. Ku Chipata kunabwera Radio Maria ndi Breeze FM, imene anaiyambitsa a Mike Daka. Ku Lundazi kunabwera Chikaya, ku Katete Mphangwe, ku Petauke PASME ndi Explorers. Masiteshoni a wailesi m'dziko lino anapitirira 100, ndipo foni ya m'manja itafika pa mudzi uliwonse zinaoneka ngati bwalo la mfumu lakuzidwa kufikira m'malire a dziko, kotero kuti mai wa ku Chadiza angathe kufunsa funso limene phungu wake wa ku Nyumba ya Malamulo sangalithawe. Nanga bwalo limeneli linagwa bwanji m'manja mwa zipani?

NJIRA ZIMENE ZIPANI ZILOWERA

Njira yoyamba ndi ndalama. Siteshoni ya wailesi idya tsiku ndi tsiku. Ifuna magetsi, malipiro a anchito, ndalama za cilolezo, ndiponso mafuta a jenereta magetsi akazima, monga anazimira maola ambiri mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba. Ku boma lakumudzi amalonda olengeza katundu wao ndi owerengeka. Tsono akafika wandale ndi ndalama m'thumba, nati afuna kugula ola lathunthu, mwini siteshoni akana bwanji? Kugulitsa nthawi si mlandu. Bvuto lake ndi lakuti wogula ndiye asankha zokamba, ndipo muulutsi amene anayenera kufunsa m'malo mwa anthu asanduka wogwirira mlendo cikho ca madzi. Ngati siteshoni siinena momveka kuti pologalamu iyi yalipiridwa ndi cipani cakuti, womvera ayesa kuti ali kumva nkhani, pamene ali kumva msonkhano wa cipani.

Njira yaciwiri ndi oimba lamya. Kuimba kufuna tokotaimu, ndipo mlimi amene ali kusunga ndalama ya mcere ndi sopo sangathe kuyesa kasanu kufikira lamya italowa. Amene amvera mapologalamu amenewa masiku onse adziwa kuti mau ake amakhala amodzimodzi, ndipo ena a iwo angonena moni, inu mwadziwa kale cipani cao ndi zonse zimene adzanena. Zipani zidziwa mphamvu ya anthu otere ndipo ziwasamala. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge pamodzi ndi anzao a kuno anafunsa anthu ku Mandevu, mu Lusaka, ndi ku Chipangali, kum'mawa, napeza kuti omvera ndi ambiri koma oimba ndi ocepa, ndipo ambiri a oimbawo ndi amuna. Cotero cimene cimveka ngati maganizo a dziko lonse nthawi zina ndi maganizo a kagulu kocepa kokhala ndi tokotaimu.

Njira yacitatu ndi yakuti mkangano ndi wochipa ndipo ukopa makutu. Kutumiza mtolankhani ku mudzi wakutali kuti akaone cipatala cosowa mankhwala kufuna mafuta a galimoto ndi tsiku lathunthu. Kuitana wandale kuti adzanyoze mnzake sikufuna kanthu, pakuti abwera yekha ndi galimoto yake, ndipo mawa wonyozedwayo adzabwera kudzabwezera. Motero siteshoni ipeza zoulutsa za mlungu wonse popanda kuturuka pakhomo. Njira yacinai ndi mantha, ndipo imeneyi ifuna kuti tiifotokoze ndi zaka zake.

CAONA MNZAKO CAPITA

Anthu a ku Libala amdziwa bwino malemu a Michael Sata, pakuti anakhala phungu wa dera la Kabwata zaka zambiri. Atayambitsa cipani ca PF mu 2001, wailesi zosakhala za Boma ndizo zinali mkondo wao, ndipo analankhulapo kawirikawiri kufikira anapambana masankho a 2011. M'zaka zimenezo Boma la MMD ndilo linali kuwawidwa ndi wailesi. Mu 2001 linatseka Radio Phoenix kwa milungu ingapo pa nkhani ya cilolezo, masankho ali pafupi. Mu Novembala 2008 wansembe wa Cikatolika, Bambo Frank Bwalya, amene ankayendetsa Radio Icengelo ku Kitwe, anamangidwa pambuyo pa pologalamu yokambirana za masankho amene a Rupiah Banda anali atangopambana.

Koma mu Okutobala 2013, a Sata ali Pulezidenti, anadzudzula poyera mlembi wamkulu mu unduna wa zofalitsa nkhani, a Emmanuel Mwamba, cifukwa copatsa Radio Phoenix ndi QFM zilolezo zoulutsa m'dziko lonse, poopa kuti otsutsa Boma adzamveka paliponse, ndipo zilolezozo zinalandidwa. Pa 22 Ogasiti 2016, masankho atangotha, bungwe loyang'anira zoulutsa la IBA linaimitsa Komboni Radio ya ku Lusaka, Radio Itezhi Tezhi ndi Muvi TV. Mu Epulo 2019 makada a cipani colamula anathyola citseko ca Power FM ku Kabwe pamene a Chishimba Kambwili anali kulankhula. Mu Ogasiti 2020 zinafika kwathu kum'mawa, pamene Disi wa boma la Petauke anatsekesa PASME cifukwa coulutsa pologalamu yolipiridwa ya a Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali mtsogoleri wotsutsa.

A Hichilema anapambana masankho a 2021, ndipo Boma lao linacotsa mu Disembala 2022 lamulo lomanga munthu cifukwa conyoza Pulezidenti, ndi kukhazikitsa mu Disembala 2023 lamulo lopatsa anthu ufulu wofunsa nkhani za m'maofesi a Boma. Komabe pa 31 Disembala 2022 otsatira cipani ca UPND analowa m'nyumba ya Kokoliko FM ku Chingola ndi kudula pologalamu imene a Chilufya Tayali, wa cipani cotsutsa, anali kulankhulapo. Amene awerenga zaka zimenezi mosakondera aona cinthu cimodzi: cipani ciri conse cikonda wailesi cikakhala kunja, ndipo ciyamba kuiopa cikalowa m'Boma. Makolo anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Siteshoni yaing'ono imene yaona citseko ca inzake cikuthyoledwa icita cimodzi mwa ziwiri: ifuna mthunzi wa cipani camphamvu, kapena ileka kufunsa mafunso obvuta. Njira zonse ziwiri woluza ndi womvera.

ZIMENE ZINACITIKA KWINA

Bvuto limeneli lidziwikanso m'maiko ena. Ku America kunali lamulo, kuyambira mu 1949, lokakamiza masiteshoni kuti pa nkhani zokangana aziulutsa mbali zonse. Lamulolo linacotsedwa mu 1987, ndipo caka cotsatira muulutsi wochedwa Rush Limbaugh anayamba kumveka m'dziko lonse ndi pologalamu ya mbali imodzi, imene inapeza omvera ocuruka ndi ndalama zambiri, kotero kuti ena ambiri anamtsanzira. Anthu a dziko limodzi anayamba kumvera wailesi zosiyana ndi kukhulupirira zinthu zosiyana.

Kufupi ndi kwathu, ku Rwanda, siteshoni ya RTLM inayamba ndi nyimbo ndi nthabwala zokondweretsa acinyamata, koma mu 1994 inali kuchula maina a anthu ndi malo amene abisala, pa nthawi imene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Mu 2003 bwalo la milandu la maiko onse ku Arusha linaweruza ena a eni ake a siteshoniyo. Zambia ali kutali ndi zoterezi, ndipo tithokoza kuti mwambi wa dziko limodzi, mtundu umodzi unazika mizu. Koma pamene woimba lamya ayamba kuweruza munthu cifukwa ca mtundu wake kapena cigawo cimene acokera, muulutsi namlekerera, tiyenera kukumbuka kumene njira imeneyo inafikitsa anzathu.

CIMENE CITAIKA

Ola la pa wailesi lili ngati munda: ukabzalamo ici, cina cisowa malo. Mu 2022 ndalama za citukuko ca dera la phungu, zochedwa CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse. Ndalama zotere zifuna mafunso a tsiku ndi tsiku: mjigo unalonjezedwa uja uli kuti, anapatsidwa nchito yomanga kalasi ndani, ana amene analipiridwa sukulu anasankhidwa bwanji? Fataleza wa FISP akacedwa, kapena alimi ogulitsa cimanga ku FRA akayembekeza malipiro ao, pafunika munthu wa ofesi adzafotokoze tsiku ndi cifukwa. Koma funso lotere likalowa m'pologalamu ya zipani silikhalanso funso. Wina alitenga ngati mwala woponyera Boma, wina ayankha kuti a Boma lakale anacita zoipa kuposa, ndipo ola likatha mlimi sanadziwebe tsiku limene fataleza adzafika.

Njira ina ilipo, ndipo inaonekera kwathu komwe. Ku Breeze FM kunachuka muulutsi wodziwika ndi dzina lakuti Gogo Breeze, amene anthu ankamlembera makalata a madandaulo ao, za malipiro osaperekedwa, za minda, za ana amasiye, ndipo iye ankayendera midzi ndi misika, kumva mbali zonse ndi kukafunsa amene adandauliridwa. Nchito yake inafika pakuti katswiri wa maphunziro, a Harri Englund, analemba buku lonse la iye mu 2018. Mkulu ameneyu anasonyeza kuti wailesi ingathe kubvutitsa amphamvu popanda kubvala malaya a cipani ciri conse, ndi kuti anthu amvera zotere ndi mtima wonse.

MPHAMVU YA WOMVERA

Siteshoni ikhala ndi moyo cifukwa ca makutu anu, pakuti wandale sagula ola pa wailesi imene palibe woimvera. Cotero pali zinthu zimene inu a kumudzi mungathe kucita. Pologalamu ikayamba, cherani khutu kuti mumve ngati yalipiridwa ndipo wailipira ndani, ndipo ngati sananene, funsani. Mukamva mlandu woneneza munthu, dikirani mumve ngati wonenezedwayo apatsidwa mpata woyankha, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Musamamatire siteshoni imodzi yokha imene inena zokomera mtima wanu. Amai a m'makalabu, makopaletivu a alimi ndi magulu a m'machalichi angathe kusonkherana tokotaimu, kusankha funso limodzi la mudzi wonse ndi kutuma mmodzi kuti aimbe, kapena kulemba kalata monga kale. Masiteshoni ambiri a m'maboma anakhazikitsidwa m'dzina la anthu a m'deralo, motero anthuwo ali ndi mphamvu yofunsa oyendetsa ake cifukwa cake maola a ulimi ndi a umoyo acepa. Ngati siteshoni iulutsa zonyoza kapena zogawanitsa mitundu ndipo siimva madandaulo, bungwe la IBA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 ndi kuyamba nchito mu 2013, lilandira madandaulo otere.

Kwa aulutsi nao tinena kuti nchito yao ifanana ndi ya nyakwawa pa bwalo. Nyakwawa ilola wodandaula alankhule, ilola woyankha alankhule, iletsa wotukwana, ndipo siilandira nkhuku usiku kwa mmodzi wa iwo. Ikangodziwika kuti yalandira, anthu saleka kukangana, koma aleka kubweretsa milandu yao pa bwalo limenelo, monga zinacitikira siteshoni ya ku Lusaka m'masiku a citaganya.

Madzulo akafika ku Libala, akuluakulu aja akhala pa makonde ao, ndipo ena azima wailesi nthawi isanakwane, atatopa ndi phokoso. Kumudzi, kumene nyuzipepala ifika mocedwa ndipo ofesi ya Boma ili kutali, kuzima wailesi ndiko kukhala mumdima. Ncifukwa cake mlimi sayenera kungoitseka ndi kukagona. Ayenera kuilankhula, kuifunsa ndi kuikumbutsa kuti inabwera kudzatumikira iye, masankho ali pafupi kapena ali kutali.